Kabokosi ka a Kaonga

Ana anga, za ubwana wanga ku Mulanje ndazilumpha dala. Azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ndipo amathiramo ndi zina zomwe sizinachitike. Ine ndiyambira pa ntchito, makamaka pa kalata yochenjeza imene Tamanda anaipeza m'sutikesi yanga chaka chatha, n'kuyamba kundiyang'ana ngati bambo ake anali mbava. Kalatayo ndi yoona, ndipo siginecha ili pansipo ndi yanga. Koma mumve kaye mmene inabwerera.

Chaka choyamba, Chitipa boma

Nditamaliza maphunziro a zamagetsi ku Blantyre, bungwe lina la mpingo loyang'anira zipatala zing'onozing'ono linandilemba ntchito n'kunditumiza ku Chitipa. Agogo anu atamva anafunsa ngati kumeneko kumafunika pasipoti. Nthawi imeneyo msewu wochokera ku Karonga unalibe phula. Ndinakwera lole, pamwamba pa matumba a mchere, ndipo pofika ndinali nditafiira fumbi mpaka nsidze, moti mlonda wa pa ofesi anandiuza kuti aganyu amabwera Lolemba. Ntchito yanga inali yosamalira mafiriji a katemera oyendera sola, nyali za m'zipinda zochiliramo amayi, ndi mawayilesi a mauthenga. Mafoni a m'manja kunalibe. Chipatala chilichonse chinali ndi wayilesi yoyankhulirana ndi ku boma, ndipo mmodzi akayankhula, zipatala zonse zinkamva. Anandipatsa njinga yamoto, masipanala awiri ndi pulayala yoguluka mano.

Bwana wanga anali a Mhango, bambo wamtali wovala tayi ngakhale dzuwa la Okutobala, amene ankasunga kiyi wa chipinda cha katundu m'thumba la pamtima. Ukapempha waya ankati kulibe. Ukaloza waya ali pashelefu ankati ameneyo ndi wa mwadzidzidzi. Sanali munthu woipa ayi, ndipo sanabepo kanthu. Ankangokhulupirira kuti katundu wa bungwe amakhala ndi moyo wautali akamagona m'katoni. Chiyankhulo nachonso chinandipatsa ntchito. Ndinaloweza “monire” ndi “yewo” n'kudziona ngati ndafika, koma nditakwera ku Misuku anandilonjera kuti “mwaghona”, ine n'kuyankha kuti ayi sindinagone, ndangofika kumene. Mayi anu ananditsatira patatha miyezi isanu, Tamanda ali kumsana, atanyamula mbale, makina osokera, ndi wayilesi ya kaseti imene ankaikonda kuposa ine.

Chaka chachitatu, chilimwe, Nthalire

Chipatala chathu chakutali kwambiri chinali cha kudera la Nthalire. Ukanyamuka ku boma m'mawa unkafika dzuwa litapendeka, msana uli ngati wobwereka. Woyang'anira kumeneko anali a Kaonga, bambo wamfupi wa imvi ndi mawu aakulu. Sanali dokotala wa ku yunivesite, koma aliyense ankawatchula adokotala, ndipo m'midzi yozungulira munalibe banja lomwe sanaligwirepo pamphumi. Mwezi umodzi wokha anandiitanitsa katatu, kudzera m'makalata opatsira oyendetsa malole, kuti wayilesi ya mauthenga yawonongeka. Ulendo uliwonse ndinkaipeza ikubangula moti nkhuku panja zinkathawa.

“Ikuyankhula chifukwa yaona inu, a Makwinja,” a Kaonga anatero. “Mukangochoka imayamba kunong'ona.”

Ulendo wachitatu, ndikumanga chikwama panjinga, namwino wa pamenepo, a Nyamtambo, anandikodola kuti ndipite kuseri kwa thanki ya madzi. Anali mayi wosataya mawu.

“Mukungotha petulo, a Makwinja. Wayilesi ili makora. Chawonongeka ndi makutu a adada.”

Anandifotokozera kuti a Kaonga anadwalapo chifuwa chachikulu ali anyamata, ndipo majekeseni a nthawi imeneyo anawasiyira vuto lomwe linkakula pang'onopang'ono. Munthu akamayankhula atawayang'ana, ankawerenga milomo, moti ambiri sankadziwa.

“Koma chifuwa chilibe milomo,” anatero a Nyamtambo. “Akaika chopimira pa wodwala samva kalikonse. Amangotsinzina n'kugwedeza mutu. Akamaliza, ine ndimamutengera wodwalayo kusikelo, n'kumumvera ndekha kuseri kwa katani. Ndikapeza kanthu ndimalemba pakhadi ndi cholembera chofiira. Iwo amawerenga, kutsokomola pang'ono, n'kunena kuti, ‘Enya, ndimaganizanso choncho.’ Zaka ziwiri tsopano, ndipo sitinakambiranepo ngakhale tsiku limodzi.”

“Nanga lero mwaulula bwanji?”

“Mvula ikayamba ndikupita ku Mzuzu kukawonjezera maphunziro a uzamba, miyezi isanu ndi umodzi. Wobwera m'malo mwanga ndi mtsikana wongotuluka kumene kusukulu. Adada atsala ndi zaka ziwiri kuti apume. A Mhango akamva awachotsa asanafike pa penshoni yathunthu, ndipo kuno sikubwera wina. Aliyense amene amapatsidwa kalata ya ku Nthalire amadwala tsiku lomwelo. Inu mumakuza mawu a wayilesi. Simungakuze mawu a chifuwa?”

Ndinayankha kuti ndiyesa. Kunena zoona, sindinaganize za odwala kapena za penshoni. Chinandikoka n'chakuti pafupifupi zaka zitatu ndinkangopukuta fumbi pa sola, ndipo panalibe amene anandipemphapo kupanga chinthu chatsopano.

Chaka chomwecho, mvula isanagwe

Mawu a mtima ndi mapapo ndi aang'ono kwambiri. Maikolofoni ikawagwira imatulutsa kamagetsi kochepa koti sikangagwedeze mahedifoni. Pamafunika kaampulifaya koyamba kuwalera mawuwo mpaka akule, kamene amisiri timati puriyampu, kenako kena kowakankhira m'makutu. Ndinajambula njira ya mawaya kuseri kwa kalendala. Mathiranzisita atatu, makapasita ndi kokwezera mawu ndinazizula m'wayilesi yakufa imene anandipatsa wogulitsa matayala a njinga wina wa ku Dedza. Mahedifoni anali a wayilesi ya mauthenga yakale. A Nyamtambo ananditumizira chopimira chong'ambika paipi. Chowotcherera changa chinali kachitsulo ka kopa kotenthetsa pa mbaula, moti mayi anu akamakazinga mtedza mbali iyi, ine ndinkasungunula mtovu mbali iyo.

Chinasowa ndi maikolofoni. Chitipa yense ndinamuzungulira, osaipeza. Yabwino ndinkaidziwa pomwe inali: m'wayilesi ya kaseti ya mayi anu. Lachinayi lina ali ku msonkhano wa amayi a mpingo, umene kumeneko amati umanyano, ndinatsegula wayilesiyo, kuchotsa kamaikolofoni konga njere ya nyemba, n'kutsekanso bwinobwino. Loweruka lake amayi a kwaya anabwera kudzajambula nyimbo za ukwati. Anaimba ola lathunthu mpaka thukuta. Pobwezera kaseti munangomveka mphepo. Ine ndinali panja, ndikupukuta njinga yoyera kale. Masiku anayi otsatira ndiwo zanga zinkafika zopanda mchere.

Poyamba zonse ndinaziika m'mbale ya pulasitiki yosungira sopo. Nditaika chopimira pachifuwa changa ndinamva mtima ukugunda ndithu, koma pamwamba pake pali bambo wina akulalikira m'Chiswahili. Pulasitiki satchinga mafunde a wayilesi, ndiye kachipangizoko kankakoka nyumba ina youlutsira mawu ya ku Tanzania. Panafunika bokosi lachitsulo. Ndinapeza kabokosi kowala komwe kale ankawiritsiramo majekeseni, ndipo nditasamutsiramo zonse, mlaliki anakhala chete. Nthawi imeneyo mayi anu anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinawapempha, ndi ulemu wonse wa munthu wolakwa, kuti avale mahedifoni, n'kuika chopimira pamimba pawo. Anamvetsera, kenako anati, “Kakuthamanga ngati kachedwa basi.” Wongani, munthu woyamba kumveka bwino m'kabokosi kaja ndiwe, ndipo ndiwe unabweza mchere m'ndiwo.

Kwa a Kaonga sindikanangofika n'kunena kuti ndabweretsa mankhwala a ugonthi. Ndinakhala moyang'anizana nawo n'kunena kuti, “Adada, ndapanga kachipangizo, koma ine sindidziwa mawu a chifuwa. Ndikufuna makutu odziwa ntchito kuti akayese.”

“Mwafika pake,” anatero. Anaitana mlonda wa pachipatala, a Silungwe, kuti avule malaya. Anavala mahedifoni monyozera, n'kuika chopimira pamsana pa mlondayo. Nkhope yawo inasintha. Anasuntha chopimira uku ndi uku, kumanzere, kumanja, pansi pa phewa, mpaka a Silungwe anayamba kufunsa ngati apezeka ndi matenda aakulu. A Kaonga anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

“Anthu a masiku ano amapuma motsitsa,” anatero. “Koma uyu akupuma ngati anthu akale. Kasiyeni kachinthuka ndikayesebe. Mwina kali ndi zolakwika.”

Dzinja, nkhani ya magetsi

Amene sanapangepo ampulifaya amaganiza kuti ukawotcherera waya womaliza ntchito yatha. Pamenepo ndiye imayamba. Puriyampu imakuza chilichonse, ngakhale zinyalala za m'magetsi amene ikudya. Ili ngati mwana woyamwa: chomwe mayi wadya chimaonekera mwa mwana. Ndiye funso lalikulu linali lakuti kabokosiko kazidya magetsi ochokera kuti.

Ndinayamba ndi mabatire a tochi asanu ndi limodzi. Magetsi ake ndi oyera, alibe phokoso. Koma a Kaonga sankazimitsa kabokosi, ati kangaiwale ntchito, ndipo mabatire a m'golosale ya kumeneko anali a chithunzi cha njovu koma mphamvu za mbewa. A Nyamtambo atangochoka, ndinalandira kalata: “A Makwinja, kuno kwagwa mliri wa mitima. Lolemba mitima yonse inali yamphamvu, pofika Lachinayi yonse yafooka, kuphatikizapo wa a Silungwe ndi wanga womwe. Bwerani msanga.” Ndinapita mvula ili pamutu, ndinasintha mabatire, mudzi wonse unachira.

Kachiwiri ndinapanga adaputa yotenga magetsi ku kajenereta kamene kankayatsidwa m'mawa chifukwa cha maikulosikopu. Ndinaikamo makapasita onse amene ndinali nawo, koma kung'ung'udza kwa magetsi a jenereta kunkadutsabe. A Kaonga anamvera odwala atatu motsatizana, nkhope ikunka ikugwa, n'kundinong'oneza ndi mawu awo aakulu aja kuti onse atatu ali ndi mtima wodontha. Mayi wina anayamba kulira. Ndinatenga chopimira n'kuchiika patebulo.

“Tamverani apa, adada.”

Anamvera. “Nalonso thebulo likudwala chomene,” anatero, osaseka. “Chotsani adaputa yanuyo.”

Kachitatu ndinaganiza kuti ndapeza nzeru. Wayilesi ya mauthenga inali ndi batire lake lalikulu la sola m'chipinda choyandikana nacho. Ndinaboola khoma n'kukoka waya. Kung'ung'udza kunatha, mabatire ogula osafunikanso. Chomwe sindinaganize n'chakuti wayilesi ikamayankhula imakoka magetsi motsatira mawuwo, ndipo kugwedezeka kumeneko kumayenda m'waya mpaka m'kabokosi. Tsiku loyesa kunabwera mkulu wina wa mpingo wodandaula chifuwa. A Kaonga anaika chopimira pansi pa bere lamanzere, anatsinzina, kenako anadzidzimuka n'kuimirira njo ngati msilikali. Ine ndinkamva wayilesi kuseri kwa khoma: anali a Mhango akuitana zipatala monga mwa masiku onse. Koma a Kaonga, amene anali atatha chaka osaimva bwino wayilesiyo, ankawamva bwana wawo akuyankhula kuchokera m'nthiti za wodwala. Anawerama, pakamwa pafupi ndi chifuwa cha mkuluyo, n'kuyankha mwaulemu:

“Nthalire pano, bwana. Ndikukumvani bwino. Katemera alipo, koma thonje latha. Ova.”

Mkulu wa mpingo uja anatola malaya ake n'kutuluka chammbuyo. Ndinamva kuti Lamulungu lotsatira anapempha mapemphero apadera.

Titakhala pansi, a Kaonga analoza batire la firiji ya katemera. Linali lalikulu, lodekha, lopanda wayilesi. Ndinakana. Ndinawauza kuti masiku a mitambo batire limenelo limafika m'mawa likupuma wefuwefu, ndipo kachinthu kalikonse kowonjezera kangathe kutenthetsa katemera wa ana a dera lonse. Anandiyang'ana milomo mpaka ndinamaliza, n'kuvomera. Kabokosi kankafunika batire lakelake, losagawana ndi china chilichonse, loti lizitchajidwa pa sola Lamulungu kabokosiko katazimitsidwa. Ndinatuluka panja kukaganiza, ndipo maso anga anagwera panjinga yamoto. Njinga ija inkalira ndi kiki yoponda ndi mwendo; batire lake linkangothandiza hutala ndi nyali zokhotera. Ndinalimasula, kulilumikiza, a Kaonga n'kumvera a Silungwe kachikhumi. Munalibe mlaliki, munalibe jenereta, munalibe a Mhango. Munali mapapo okhaokha.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkayenda wopanda hutala. M'makona a m'mapiri, mmene munkatha kutulukira ng'ombe kapena amayi osenza nkhuni, ndinkangofuula kuti “Odi! Odi!” Anthu a kumeneko ndi aulemu, ankayankha “Odini” asanapatuke. Posapita nthawi dzina la Makwinja linaiwalika. Kuchokera ku Chisenga mpaka ku Nthalire ndinali a Odi.

Chaka chachinayi, mvula ikutha

Dzina limeneli ndi lomwe linandigwiritsa. Mayi wina wogulitsa nthochi anafika pa ofesi kudzafunsa a Odi, a Mhango n'kufuna kudziwa kuti ameneyo ndani. Atamva, anandiitanira panjinga.

“A Makwinja, talizani hutala.”

Ndinadina. Panalira mbalame mumtengo.

“Batire lili kuti?”

“Likugwira ntchito kwina, bwana.”

“Ndikufuna lipoti lolemba, Lachisanu m'mawa, lonena kwinako.”

Ndinafika kunyumba mutu utalemera. Kunena kuti linabedwa sindikanatha, chifukwa mlandu ukanagwera mlonda wa pa ofesi. Kunena kuti linafa sizikanathandiza, chifukwa a Mhango akanafuna kuona mtembo wake. Koma panali china chomwe chinkandidya kuposa batire. Milungu iwiri mmbuyomo ndinali nditapeza waya wa mahedifoni ataduka. Nditafunsa a Silungwe anati unaduka masiku asanu apitawo, ndipo a Kaonga sanauze aliyense. Anapitiriza kuvala mahedifoni akufa, kutsinzina ndi kugwedeza mutu, nyengo imene ana amadwala chibayo kwambiri. Namwino watsopano sankadziwa kuti pali chofunika kuchiyang'anira. Ndinawafotokozera mayi anu zonsezi, ndikuyembekezera kuti andithandize kupeka bodza labwino. Iwo anali akuyamwitsa Wongani.

“Bambo a Tamanda, masiku asanu amenewo, uyu akanakhala pamzere wa odwala, bwenzi mukulemba lipoti lotani?”

Mmawa mwake, Lachiwiri, ndinanyamuka kupita ku Nthalire. Ndinafuna kuti a Kaonga amve kwa ine, osati kwa a Mhango. Ndinadikira kuti odwala athe, ndinatseka chitseko, n'kukhala moyang'anizana nawo. Nditangotchula lipoti anatembenukira kuwindo. Munthu wowerenga milomo akafuna kukutsekera khutu amangoyang'ana kumbali. Ndinazungulira kuti ndiwayang'ane, iwo n'kutembenukira kukhoma. Mahedifoni anali akadali kumutu kwawo. Ndinatola chopimira patebulo, kuchiika pakamwa panga, n'kunena kuti, “Adada.” Ndinaiwala kuti kabokosi kanali kokweza mpaka kumapeto. Anadumpha mpaka mpando unagwa. Ndinatsitsa mawu, n'kuyankhula monong'ona ngati munthu woulula machimo. Ndinati Lachisanu ndilemba zoona zokhazokha. Ndinati kabokosi ndi kabwino, koma ndi ka mawaya akale, kadzadukanso, ndipo payenera kukhala wina wodziwa kuti tsiku limenelo amvere ana m'malo mwawo. Ndinati zingakhale bwino atanena okha ine ndisanalembe.

Anaimika mpando, anakhala, n'kuvula mahedifoni pang'onopang'ono.

“Munandipatsa makutu kuti ndidzamve zimenezi?” anafunsa. Kenako anati, “Yendani makora, a Makwinja.”

Ulendo wobwerera sindinafuule odi ngakhale kamodzi. Ndinatsala pang'ono kugunda mbuzi.

Lachinayi m'mawa ndinali mu ofesi ya a Mhango ndikukonza soketi, iwo akuitana zipatala pa wayilesi monga mwa masiku onse. Atafika pa Nthalire panamveka mawu aakulu aja.

“Boma, boma, Kaonga pano. Katemera alipo, thonje lafika. Chinanso, ine ndine gonthi. Zaka zitatu tsopano. Batire la a Makwinja lili ndi ine. Ova.”

Zipatala zonse zinali pa mzere, zikumva. A Mhango anayang'ana wayilesi, anandiyang'ana ine, n'kudina batani.

“Nthalire, tabwerezani.”

Ndinamva pambuyo pake kuti a Kaonga anali ataika chopimira pa sipika ya wayilesi kuti asaphonye yankho. “Ngati simunamve, bwana,” anatero, “ndiye kuti tilipo awiri. Ova.”

Sabata yotsatira tinapita ku Nthalire pa galimoto, ine, a Mhango ndi dokotala wamkulu wa bungwe lathu, mayi wachitsikana dzina lake a Msiska, amene sankamwetulira pachabe. Anakonza mayeso osavuta. Wodwala aliyense ankamumvera iwo ndi chopimira chawo, kenako a Kaonga ndi kabokosi, aliyense n'kulemba papepala lake. Anachita zimenezi mpaka masana. Mapepala anagwirizana paliponse kupatula pa kamtsikana kena ka zaka zinayi, pamene a Kaonga analemba kuti pansi pa phapo lamanja pali phokoso. A Msiska anamveranso kawiri, anavala mahedifoni a a Kaonga, n'kufufuta zomwe analemba poyamba. A Mhango, amene anali ataima pakona manja kumbuyo, ananena kuti iwo sakhulupirira chinthu chomwe sichinadutse m'chipinda cha katundu. Anamasula tayi, kutsegula mabatani atatu, n'kukhala pa mpando wa odwala. A Kaonga anawamvera nthawi yaitali kwambiri.

“Mwapeza chiyani?” anafunsa a Mhango.

“Mtima ulimo, bwana,” anatero a Kaonga. “Ambiri timakayika.”

Tsiku limenelo ndi lomwe ndinaona mano a dokotala Msiska.

Chigamulo sichinakomere aliyense. A Kaonga anatsala pa ntchito mpaka tsiku lawo lopuma, koma mwana aliyense wa chifuwa ankayenera kumveredwanso ndi namwino, poyera, osati kuseri kwa katani. Kwa bambo amene anaphunzitsa anamwino ambirimbiri, chimenecho chinali chowawa. A Nyamtambo atabwerako ku Mzuzu anadzudzulidwa chifukwa chobisa. Ine ndinalandira kalata imene Tamanda anaipeza ija, yogwiritsa ntchito katundu wa bungwe mosaloledwa, ndipo kukwezedwa komwe ndinkayembekezera chaka chimenecho kunandidutsa. Dokotala atalamula, a Mhango anatulutsa batire latsopano m'katoni, koma linapita ku kabokosi. Ine anandibwezera langa lakale, litatopa moti hutala inkalira ngati mbuzi ya chimfine.

A Kaonga sanandiyankhulenso mpaka anapuma pa ntchito. Ndikafika kudzayang'ana firiji ankavula mahedifoni, kuwaika m'dirowa, n'kuyamba kuwerenga makhadi. Kabokosi kakafuna kukonza ankakasiya pakhonde ndi kapepala. Zinkandipweteka, ana anga. Pali masiku ena ndinkaganiza kuti bodza laling'ono likanatisungira ubale.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, nyengo yokolola

Atapuma pa ntchito, patapita miyezi ingapo, ananditumizira uthenga kuti ndikawaone kumudzi kwawo, chakummwera kwa Nthalire. Ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga, mahedifoni ali kumutu, kabokosi pambali. Kuchipatala kunali kutabwera munthu wa makutu ake, ndiye kabokosi anapita nako. Mwana wawo wa ku Mzuzu anawagulira kasola ndi kabatire. Kachipangizo kovala m'khutu kamene anawapatsa kuchipatala chachikulu anali atakaika m'kabati, ati kamaimba mluzu ngati m'busa wa ng'ombe. Anandipatsa chopimira kuti ndiyankhulirepo.

“Monire, adada.”

“Yewo, a Makwinja. Khalani. Ndinakukwiyirani chomene. Mukanakhala kuti munalakwa ndikanakukhululukirani msanga, koma munalondola, ndiye zinanditengera nthawi.” Analoza thumba la nyemba lomwe linali litatsamira kukhoma. “Limenelo ndi la amama kunyumba. Muwauze kuti ndinamva za wayilesi yawo ya kaseti.”

Tinacheza mpaka dzuwa linapendeka. Anandiuza kuti tsopano amamva ulaliki kutchalitchi, chifukwa amakhala kutsogolo n'kuloza chopimira kuguwa, ndipo azindikira kuti abusa akhala akubwereza ulaliki umodzi zaka zonsezi. Nditatsanzika, akazi awo, a Nyakayira, anati andiperekeze. Anali mayi wamtali wofatsa nkhope. Titafika pa nkhokwe anaima, n'kutembenuka kuti amuna awo asaone milomo.

“A Makwinja, mwachita ntchito yabwino, yewo chomene. Koma ndili ndi dandaulo. Zaka zisanu ine m'nyumba muno ndinkayankhula zakukhosi. Ndikamatsuka mbale ndinkawanena bambowa momwe ndafunira, iwo n'kumangomwetulira. Banja linkayenda bwino. Lero kulikonse ndingapite chopimira chili pambuyo panga. Dzulo ndimadandaula ndekha kukhitchini, ndangoona paipi ikulowa pawindo.”

Ndinapepesa, n'kufunsa chomwe ndingachite.

“Sindikufuna kuti muwononge yayi. Mungondionetsa kawaya kamodzi koti ndikazula kabokosi kagone, ndikabwezera kadzuke. Kamodzi pa sabata basi.”

Ndinayang'ana kukhonde. A Kaonga anali atasiya kabokosi pampando n'kulowa m'nyumba kukafuna chingwe chomangira nyemba panjinga. Ndinaganiza za lumbiro la ntchito yanga, ndinaganizanso za mayi anu ndi zomwe amanena akamatsuka mbale. Kenako tinabwerera mwakachetechete, ndinatsegula chivindikiro, n'kuwaonetsa kawaya kofiira.